Ozimitsa Makandulo a Lenti

Mpaka lero sindifuna kuona munthu akuzimitsa kandulo ndi zala. Magetsi akathima masana n'kuyakanso madzulo, mwana wanga wamkazi amanyambita zala kuti atsine lawi, ine n'kumukalipira mpaka iye amadabwa kuti amayi chawavuta n'chiyani. Uzira, ndimatero, pakamwa uli napo. Sadziwa kumene mkwiyo umenewu unachokera, ndiye ndaona kuti ndingolemba.

Ndinakulira kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, m'mudzi wa asodzi umene unazungulira tchalitchi chakale cha mishoni. Tchalitchicho n'cha njerwa zochindikala, mazenera ake ang'onoang'ono komanso ali m'mwamba, moti ngakhale kunja dzuwa liswe mtengo, mkati mumakhalabe kamdima. Wansembe ankabwera mwa apo ndi apo pa njinga yamoto, chifukwa anali ndi nthambi zambiri mpaka kumapiri a ku Namwera. Tsiku ndi tsiku mpingo unali m'manja mwa akatekisiti, amene tonse tinkawatcha aphunzitsi. Anali bambo wamtali, wa mawu ozizira bwino, woyenda ndi buku la mapemphero m'khwapa ngakhale popita kudooko kukagula usipa.

Aphunzitsi amenewa ndiwo anabweretsa mwambo wa makandulo. Likangodutsa Lachitatu la Phulusa, ankaimika makandulo asanu ndi imodzi pa thabwa lalitali patsogolo pa guwa, kandulo iliyonse ndi Lamulungu lake la Lenti. Maluwa ankachotsedwa, ng'oma zinkasungidwa, guwa n'kulifunditsa nsalu ya pepo. Lamulungu loyamba makandulo onse ankayaka, ndipo m'kamdima kaja nkhope za anthu zinkaoneka zofewa, ngakhale za aja ouma mtima. Ulaliki ukatha, kandulo imodzi inkazimitsidwa. Sabata yotsatira ina, mpaka pa Lamulungu la Kanjedza inkatsala imodzi yokha, nayonso n'kuzima, kuti tilowe sabata yoyera opanda kuwala monga dziko linadera Ambuye ali pamtanda. Mpaka pamenepa ndinalibe nawo mlandu mwambowo. Ndinkaukonda, ndipo ndili mwana ndinkalira nawo moona mtima.

Koma aphunzitsi anaonjezerapo zawo. Ankati kuwala sikuzima kokha, amakuzimitsa ndi tchimo, choncho wozimitsa kandulo akhale munthu amene tchimo lake laoneka. Munthuyo ankamuitana ndi dzina, n'kunyamuka pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, yomwe pankakhala anthu a chilango, kuyenda tchalitchi chonse maso a anthu ali pa iye, kukatsina chingwe choyaka ndi zala ziwiri. Kuuzira kunali koletsedwa. Ankati munthu amve kutentha kwa chimene anachita. Akatero, pa Pasaka ankabwerera ku mgonero, ndipo ngati ali ndi khanda linkabatizidwa tsiku lomwelo.

Tchimo looneka m'mudzi mwathu linali limodzi lokha, mimba. Tinali nawo amuna opita kukapha nsomba ku Chembe n'kukhala ndi banja lina kumeneko, mudzi wonse ukudziwa. Tinali nawo omenya akazi awo mpaka kukagonekedwa kuchipatala. Tinali nawo oledzera amene ankabwera ku mapemphero kachasu akununkha. Sindinaone ndi mmodzi yemwe akuyenda ulendo wopita ku thabwa lija, poti tchimo la mwamuna silitupitsa mimba yake. Chaka ndi chaka ozimitsa anali atsikana, ena a msinkhu wa sukulu, makanda ali kumbuyo. Chaka chimene atsikana otere anachepa, makandulo otsalawo ankazimitsa aphunzitsi okha ndi kachitsulo konga kabelu, zala zawo zili bwinobwino.

Ngakhale anzathu achisilamu, amene tinkayanika nawo usipa pa mathandala, ankaudziwa mwambowu. Akaona mtsikana akusankha nsomba chala chili m'mwamba chifukwa cha thuza, ankangoyang'anizana osanena kanthu. Kukhala chete kwawoko kunkandichititsa manyazi kuposa akanatiseka.

Ndinakwatiwa n'kusamukira ku boma ku Mangochi, kumene ndimagulitsa usipa mumsika. Kumudzi kunatsala amayi ndi mng'ono wanga, poti abambo anali atamwalira kale, ndipo agona m'manda a mishoni. Mng'ono wangayo anali wofatsa mokwiyitsa. Ukamulanda chinthu ankakuthokoza. Ankaimba kwaya, ndipo chaka chimenecho kwaya inali pa moto chifukwa mwana wamwamuna wa aphunzitsi anali atabwera kuchokera ku Joni ndi kiyibodi yakeyake, nsapato zosongoka ndi foni yaikulu. Iye ndiye anakhala wotsogolera kwaya. Iye ndiye ankaperekeza mng'ono wanga pochokera kophunzira nyimbo, ndipo panalibe wakhungu m'mudzimo woti sanawaone.

Mimba itaoneka, amalume anapita kwa aphunzitsi monga mwa mwambo. Anabwerako atanyowa ngati nkhuku ya pa mvula. Mnyamatayo wakana, anatero, ndipo bambo ake akuti palibe mboni. Lamulungu lotsatira mng'ono wanga anamusamutsira ku benchi ya kumbuyo, mnyamata uja ali kutsogolo akugwedeza mutu pa kiyibodi yake.

Mwana anabadwa m'dzinja, wamwamuna, wochepa thupi, chifuwa chikulira ngati kamluzu. Mphuno ndi makutu zinali za kwa aphunzitsi, zosachita kufunsa. Ankati akachira sabata ino, sabata yamawa wayambiranso. Amayi anayamba kuonda ndi nkhawa, ndipo nkhawa yawo ndinkaidziwa. Kwathu mwana womwalira asanabatizidwe sankalowa m'manda a mishoni, ankamuika kunja kwa mpanda wa nkhadze, kumene mbuzi zimadya. Amayi sankatha kuganiza zoti mdzukulu wawo akagone kumeneko agogo ake aamuna ali mkati. Ubatizo unali pa Pasaka, ndipo njira yake inali imodzi yokha, yodzera pa thabwa la makandulo.

Nditamva kuti dzina la mng'ono wanga lili m'gulu la ozimitsa, ndinatseka benchi yanga ya kumsika n'kukwera matola. Ndinamupeza pakhonde akuyamwitsa.

“Supita,” ndinatero ndisanakhale n'komwe pansi. “Ukapse chala chifukwa cha chiyani? Mimbayi unadzipatsa wekha?”

“Achemwali, khalani pansi kaye.”

“Sindikhala. Ukangoyenda ulendo umenewo ndiye kuti wavomera kuti iye alibe mlandu.”

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mwana amene anali atasiya bere kuti atsokomole.

“Inu wanu anabatizidwa,” anatero.

Mawu amenewo anandikwiyitsa koposa. Ndiye mkwiyowo ndinaunyamula wonse kupita nawo kwa aphunzitsi. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akupukuta magalasi. Ndinagwada, ndinawalonjera bwinobwino, poti amayi anandilera.

“Aphunzitsi, ndabwera kudzafunsa. Kandulo ya mng'ono wanga azimitsa yekha, kapena azimitsa ndi mnzake?”

“Mnzake uti, mwanangu?”

“Amene mukudya naye mbale imodzi.”

Sanakwiye. Akanakwiya bwenzi mtima wanga utapepukako. Anavala magalasi mwapang'onopang'ono n'kunena kuti mpingo umaweruza zimene waona, zobisika ndi za Mulungu. Ndinati ngati akufuna kuona, ndiwabweretsere mwanayo amuyang'ane makutu. Anati ndili ndi mtima wapachala, ndiupempherere m'nyengo ino ya kulapa. Ndikutsanzika anandiuza kuti mng'ono wanga amuika pa Lamulungu la Kanjedza, pa kandulo yomaliza. Limenelo ndi tsiku limene nthambi zonse zimasonkhana, tchalitchi n'kudzaza mpaka ena kuima m'mazenera. Asandiuze munthu kuti zinangochitika mwangozi.

Ndinabwereranso kumudzi sabata ya Kanjedza isanakwane. Tsiku lina masana ndinazungulira kuseri kwa khitchini kukatenga nkhuni, ndipo ndinamupeza mng'ono wanga atanjuta, kandulo yoguka pagolosale ili pa njerwa. Ankayatsa, n'kutsina, n'kuyatsanso. Amayi anaima pambali akumulangiza kuti anyambite zala mobisa pamene akuwerama kulambira guwa, ndipo atsine msanga osazengereza. Ankaphunzira kupsa kuti tsikulo asadzalire pamaso pa anthu. Ndinaona nkhuku zikutola pafupi, dzuwa likuwala, mayi wanga akuphunzitsa mwana wake zimenezi ngati akumuphunzitsa kusinja. Ndinalanda kanduloyo n'kuiponya kutchire. Mng'ono wanga anakaitola, n'kuipukuta ndi chitenje.

Tsiku linafika. Tinazungulira tchalitchi ndi makhwatha a kanjedza m'manja tikuimba, n'kulowa. Munali mothina, motentha, fungo la thukuta ndi masamba aawisi. Kutsogolo kandulo imodzi yokha inkayaka pakati pa zinzake zozima. Kwaya inakhala kumanja kwa guwa. Popeza m'Lenti zoimbira siziloledwa, kiyibodi inali yofunditsidwa chitenje, ndipo mwini wake anakhala pambali pake manja ali pakati pa mawondo. Ine ndinakana kukhala ndi azimayi a bungwe la mpingo kumene amayi anandisungira malo. Ndinakhala kumbuyo, pa benchi ya chilango, pafupi ndi mng'ono wanga.

Aphunzitsi analalikira za mdima. Amadziwa kulalikira, zimenezo sindingawalande. Kenako anatchula dzina la mng'ono wanga, lonse, ndi la abambo athu omwe.

Ananyamuka, n'kumanga bwino mwana kumbuyo, n'kuyamba kuyenda. Anthu anapinda miyendo kuti adutse. Ndinkaona mitu ikutembenuka benchi ndi benchi. Atafika anawerama, ndipo ndinaona dzanja likupita kukamwa monga anaphunzirira. Anatambasula zala. Pomwepo mwana anayamba kutsokomola, chifuwa chake chija cha kamluzu, ndipo m'tchalitchi monse munalibe phokoso lina koma limenelo.

Sindidziwa chimene chinalowa mumtima mwake. Ndamufunsapo kangapo, amangoti nayenso sadziwa. Anabweza zala zija, n'kugwira kandulo yonse, n'kuizula pa thabwa. Anaitchinjiriza ndi dzanja lina kuti isazime, n'kutembenukira kumanja, kuyenda mpaka pa benchi ya kwaya. Anaima patsogolo pa mwana wa aphunzitsi n'kumulozetsa kandulo ija. Sanakweze mawu, koma tonse tinamva.

“Ine ndayenda kuchokera kumbuyo. Inu mungotsina.”

Mnyamatayo anayang'ana nsapato zake za ku Joni. Atsikana a kwaya anasendera uku ndi uku, n'kumusiya yekha pakati pa benchi. Lawi linali pafupi ndi nkhope yake, ndipo aliyense anaona thukuta likutsika pa mphuno yofanana ndi ya mwana anali kumbuyo uja. Phula linayamba kuyenderera pa dzanja la mng'ono wanga, lotentha, kudutsa pa zala mpaka pa mkono. Sanagwedezeke. Mtsikana amene ankathokoza omulanda zinthu anaima pamenepo ngati chitsa.

Amene anasuntha ndi aphunzitsi. Anatsika pa guwa mofulumira, mkanjo ukukokeka, n'kufika pakati pa awiriwo. Anawerama n'kuuzira. Kandulo inazima, kautsi n'kukwera.

Iwo amene kwa zaka zonsezo ankaletsa ana a eni kuuzira, anauzira. Pakamwa panga panatseguka pokha.

“Ndi zala, aphunzitsi,” ndinatero, ndipo mawu anga anafika kutsogolo.

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Aphunzitsi anayambitsa nyimbo, anthu n'kuilandira mozengereza, mwambo n'kupitirira ngati palibe chachitika.

Ndikanakonda kulemba kuti mpingo unachita manyazi tsiku limenelo. Ayi ndithu. Madzulo ake akuluampingo anabwera kunyumba, n'kukhala pa mipando imene ine ndinawatulutsira, n'kunena kuti mng'ono wanga wanyoza guwa, wasokoneza mapemphero, ndipo kandulo sanazimitse. Chilango chake chaonjezedwa, mwana sabatizidwa Pasaka ino. Za mnyamata uja sanatchule ngakhale liwu limodzi. Ndinawafunsa ngati maso awo anali otseka m'mawa. Mmodzi anati ine si wa nthambi ino tsopano, ndisalowerere. Atachoka, amayi anakhala pansi pa dothi n'kulira, ndipo mkwiyo wawo sunapite kwa akuluakulu aja, unagwera mwana wawo yemwe.

“Ukanangotsina,” ankatero. “Kanthu kochepa ngati kameneko. Mwanayu akatisiya ukamuika kuti?”

Mng'ono wanga anakhala akumatula phula pa dzanja, khungu likutsatira.

Pa Pasaka wansembe anabwera pa njinga yake, n'kubatiza makanda a atsikana ena aja amene anatsina. Sanafunse chifukwa chimene mayi wina wa khanda anaimira panja pa zenera dzanja lili lomanga nsanza. Mwina sanamuone, mwina anauzidwa zina, koma ine ndimati munthu woweta anthu azifunsa. Mkati makandulo onse ankayaka, maluwa ali mbwee, kiyibodi ikulira mokweza, woimba wake atameta bwino.

Sabata yomweyo chifuwa cha mwana chinakula. Ankapuma nthiti zikulowa mkati. Sindinafunsenso maganizo a munthu, ndinaitana kabaza wa njinga yamoto n'kuwatenga onse awiri kupita nawo ku boma. Mwanayo anamugoneka kuchipatala, n'kumuika timachubu m'mphuno. Mng'ono wanga ankagona pansi pambali pa bedi, ndipo tsiku lina ndikumupatsa phala anandifunsa ngati ndikuganiza kuti Mulungu akumulanga chifukwa cha kandulo ija. Ndinatuluka panja kuti ndisatukwane m'chipatala.

Kuchokera pamenepo ndinapita ku tchalitchi cha mpingo wathu womwewo cha ku boma, kumene ndimapemphera. Ndinapita nditakonzeka kukangana. Wansembe wa kumeneko, bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa kuti mwambo wa makandulowo unalembedwa pati. Ndinati sindidziwa, ndinabadwa ndikuupeza. Anati iye chiyambire unsembe wake sanaumvepo, ndipo ubatizo wa mwana sagula ndi zala za mayi ake. Ndinakhala pa mpando uja mutu ukuzungulira. Zaka zonsezi atsikana a kwathu ankapsa chifukwa cha nzeru za munthu mmodzi, ife tonse tikuimba nawo nyimbo.

Ndinene pano kuti mwanayo anachira. Lero ndi mnyamata wa sukulu, wovuta, wokonda mpira, makutu ali omwe aja. Kumudzi mwambo wa makandulo unatha mwakachetechete chaka chotsatira. Anangoti makandulo akusowa. Palibe anapepesa mng'ono wanga, kapena atsikana ena onse amene ali ndi tizipsera pa zala. Mnyamata uja anakwatira mtsikana wa ku Katuli, ukwati woyera wa m'tchalitchi momwemo, ndipo pano ndi mkulu wa mpingo. Ndikapita kumudzi amandilonjera, ine n'kumuyang'ana mpaka atsitse maso.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi tsiku la ubatizo. Linali Lamulungu loyamba mwana atatuluka m'chipatala, nyengo ya Pasaka isanathe, ku tchalitchi cha ku boma chija. Amayi anabwera kuchokera kumudzi atavala yunifolomu yawo ya bungwe. Ine ndinaima ngati mboni, mwana ali m'manja mwanga, wopepuka ngati mtolo wa masamba. Wansembe anamuthira madzi, mwana n'kulira ndi mawu amene sitinawamvepo chibadwire, amayi n'kuyamba kupukuta maso.

Kenako wansembe anatenga kandulo yaing'ono, n'kuiyatsa pa kandulo yaikulu ya Pasaka imene inaima pambali pa madzi, n'kuipereka kwa mng'ono wanga. Kwathu zimenezi sizinkachitika, ndipo palibe anali atamuuza. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anayang'ana kandulo, n'kuyang'ana anthu odzaza tchalitchi amene sankamudziwa, n'kuweramitsa mutu. Anaisamutsira ku dzanja lamanzere. Dzanja lamanja, lija linali lisanapole, analikweza kukamwa n'kunyambita zala ziwiri.

Wansembe anamugwira pa mkono zala zisanafike pa lawi.

“Mukutani, mayi?”

“Ndimati ndizimitse, abambo.”

“Ayi. Imeneyo ndi ya mwana wanu. Igwireni iyake.”

Anaigwira ndi manja onse awiri mpaka mapemphero anatha. Anthu anatuluka, ife n'kutuluka nawo, iye kandulo ili chiyakire pa dzuwa la masana, akuitchinjiriza ku mphepo. Tinafika nayo mpaka pa msewu pamene pamaima makabaza, ndipo panalibe mmodzi wa ife, ine kapena amayi, amene analimba mtima kumuuza kuti tsopano akhoza kuuzira.